NAMWINO AMAYAMBIRA M'KALASI MWANU

Aliyense amene adapitapo ndi mwana ku chipatala cha Boma m'nyengo ya dzinja akudziŵa m'mene mzere wa amai umatalikira. Malungo amakhala atavuta, kutsekula m'mimba kuli ponseponse, ndipo amai ena amakhala atanyamuka kwao tambala woyamba asanalire. Kwa zaka zambiri mwambo wa m'zipatala zathu udali wakuti wofika msanga ndiye aonedwe msanga. Pa chigayo kapena pa mjigo mwambo umenewu ndi wachilungamo ndithu. Koma pa chipatala udatayitsa miyoyo ya ana ambiri, chifukwa mwana wodwala kwambiri kaŵirikaŵiri ndi uja wochokera kutali, wofika mochedwa, amene ali chete kumsana kwa mai wake kumapeto kwa mzere.

Pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, chimene anthu amachitcha Gulupu, madokotala ndi anamwino a ana, motsogozedwa ndi Profesa Elizabeth Molyneux, adasintha kachitidwe kameneka m'chaka cha 2001. Mwana aliyense adayamba kuonedwa akangofika, asanalembetse n'komwe. Namwino amayang'ana kapumidwe kake, amakhudza manja kuti amve ngati azizira, amaona ngati wakomoka kapena ngati maso aloŵa m'kati chifukwa chotha madzi m'thupi. M'kanthaŵi kochepa amagamula kuti uyu athandizidwe pompano, uyu apite kutsogolo kwa mzere, uyu angathe kudikira. Lipoti lomwe lidafalitsidwa m'chaka cha 2006 lidaonetsa kuti mwa ana 100 alionse ogonekedwa, kale ankamwalira 10 mpaka 18, koma zinthu zitasintha chiŵerengerocho chidatsika kufika pa 6 mpaka 8. Kudamangidwanso chipinda chatsopano cholandirira ana odwala mwakayakaya, ndipo sitikuchepetsa phindu lake. Komabe chipinda sichisankha mwana pa mzere. Amasankha ndi munthu. Bungwe la World Health Organization lidatulutsa maphunziro a njira imeneyi, otchedwa ETAT, m'chaka cha 2005, ndipo maiko ambiri adaitengera.

Tayamba ndi nkhani imeneyi chifukwa pakati pathu pali maganizo akale akuti ntchito ya namwino ndi kubaya jakisoni, kugaŵa mapiritsi ndi kuchita zomwe dokotala walamula. Amene amaganiza motero sadagonepo pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, kumene dokotala kulibe, ndipo usiku wonse namwino mmodzi ndiye mzamba, ndiye wolandira ovulala, ndiyenso wogamula ngati wodwala atumizidwe ku chipatala chachikulu cha m'boma lakelo. Taganizani za mwana amene thupi latentha ndipo poyeza magazi apezeka ndi malungo. Namwino wongoloŵeza apereka mankhwala a malungo n'kuitana wotsatira. Namwino woganiza adzifunsa chifukwa chake khosi la mwanayo lauma, pakuti akudziŵa kuti m'dziko la udzudzu ngati lathu lino mwana angathe kukhala ndi tizilombo ta malungo m'magazi pamene chikumupha ndi matenda oumitsa khosi. Adzifunsanso ngati kufookako sikuchokera pa kuchepa kwa shuga m'magazi, chinthu chomwe chingakonzedwe m'mphindi zoŵerengeka. Buku limene onse aŵiri adaŵerenga ndi limodzi.

Azamba ali ndi chitsanzo chao. M'chaka cha 1972, mu mzinda wa Salisbury umene tsopano ndi Harare, a Philpott ndi a Castle adakonza tchati cholembapo m'mene mai woyembekezera akuyendera pobereka. Pa tchaticho pali mzere wochenjeza, ndipo patapita maola anai pali mzere wina wolamula kuchitapo kanthu, cholinga chake n'chakuti mzamba wa kutali adziŵe nthaŵi yotumiza mai ku chipatala chachikulu zinthu zisanaipe. Tchaticho chidaphunzitsidwa kwa azamba ambirimbiri. Koma m'chaka cha 2020 bungwe la World Health Organization lidatulutsa ndondomeko yatsopano, litaona kuti amai sabereka pa liŵiro limodzi monga momwe mzere woyamba uja unkanenera. Mzamba amene adangoloŵeza mizere amasokonezeka lamulo likasintha. Amene adamvetsa chifukwa chomwe mizereyo idaikidwira savutika.

Njira zoloŵera ntchitoyi ziyenera kudziŵika kwa mphunzitsi wamkulu aliyense. Sukulu ya National School of Nursing idatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1965, ndipo m'chaka cha 1966 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, lomwe limalemba m'kaundula aliyense wololedwa kugwira ntchito ya unamwino kapena uzamba. M'chaka cha 1979 Kamuzu College of Nursing idakhala nthambi ya Yunivesite ya Malaŵi, ndipo m'chaka cha 2021 idaphatikizana ndi College of Medicine kupanga Kamuzu University of Health Sciences. Wophunzira amene wakhoza bwino mayeso a Fomu 4, makamaka Chingerezi, masamu ndi sayansi, angathe kuchita digiri ya zaka zinai kumeneko kapena ku Yunivesite ya Mzuzu. Njira ina ndi dipuloma ya zaka zitatu ku Malawi College of Health Sciences kapena m'makoleji a mipingo monga Nkhoma, Ekwendeni, St Luke's ku Malosa, Holy Family ku Phalombe ndi Trinity ku Nsanje. Wa dipuloma sadatsekeredwe chitseko: atagwira ntchito angathe kubwerera kukaonjezera maphunziro. Ndipo anyamata nawonso auzidwe kuti ntchitoyi si ya atsikana okha.

Tsono tikubwera kwa inu aphunzitsi anzathu. Ife amene tidadzera ku koleji ya aphunzitsi tikukumbukira bwino m'mene tinkayamikirira kalasi lomwe limayankha pamodzi ngati kwaya. Tidalembapo manotsi odzaza bolodi, ana n'kukopera, ife n'kupita kunyumba mtima uli m'malo. Tikuvomera poyera kuti mwana amene ankafunsa kuti "chifukwa chiyani?" nthaŵi zina tinkamuyesa wamwano. Mtsikana amene adaphunzira kuti yankho limachokera kwa wamkulu basi, ndipo kuti kufunsa ndi kusoŵa ulemu, sadzasintha tsiku lomwe adzavale yunifomu yoyera. Adzaona kuti mlingo wa mankhwala womwe walembedwa ndi wa munthu wamkulu pamene wodwala ndi khanda, koma adzachita mantha kubwerera kwa wolembayo. Masamu a tizigawo amene ana amaŵaona ngati chizunzo mu Sitandade 6 ndi omwewo amene namwino amaŵerengera nawo mankhwala molingana ndi kulemera kwa mwana. Kadontho kamodzi kakaikidwa malo olakwika, mlingo umachuluka kakhumi.

Choncho pophunzitsa za kayendedwe ka magazi, aloleni ana agwire mtsempha wa pa dzanja la mnzao, aŵerenge kugunda kwake, athamange kuzungulira bwalo, aŵerengenso, ndipo afotokoze okha chimene chasintha. Zimenezi sizilira labotale kapena ndalama. Florence Nightingale, amene adatsegula sukulu yake ya anamwino ku St Thomas' mu mzinda wa London m'chaka cha 1860, ankaumirira kuti namwino aphunzire kuyang'anitsitsa wodwala ndi kulemba zomwe waona, ndipo iye mwini adagonjetsa akuluakulu a asilikali ndi ziŵerengero za imfa zimene adasonkhanitsa.

Kwa akuluakulu a m'maofesi mau athu ndi ochepa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu ambiri ophunzira bwino adapita kukagwira ntchito ku Britain, mpaka Boma ndi abwenzi ake adayambitsa ndondomeko yapadera m'chaka cha 2004, ndipo m'chaka cha 2005 malipiro a ogwira ntchito zaumoyo adaonjezeredwa ndi 52 peresenti. Ndalama zidathandiza, koma munthu wophunzira amafunanso kumvedwa. Namwino akaimba foni pakati pa usiku kupempha ambulansi chifukwa mai wadutsa mzere wochenjeza, asalandire mau onyoza ngati maiyo wabereka bwino pa njira. Akadzudzulidwa kamodzi, ulendo wina adzadikira. Akalemba kalata yopempha tchuti chokaonjezera maphunziro, iyankhidwe koleji isanatseke kulandira ophunzira. Ndipo pamsonkhano wounika imfa ya mai kapena mwana, namwino wamng'ono amene adali pa ntchito usiku umenewo apatsidwe mpata wolankhula akuluakulu asanayambe, pakuti iye ndi amene adaona nthaŵi yomwe magazi adayambira kutayika.