Mpope Watsopano pa Mfuti Yakale

Mpope wa mfuti umatha monga momwe limathera khasu. Nthawi iliyonse pamene chipolopolo chaomberedwa, moto wa onga umapsereza chitsulo pamalo pamene chipolopolocho chimayambira ulendo wake, ndipo timizere tam'kati timene timachizunguza timanka nitifufutika. Patapita zipolopolo zikwi zingapo, mfuti imene inkalasa malo amodzi imayamba kumwaza. Apa mwini wake amapita nayo kwa mmisiri kuti akaikemo mpope wina, ndipo mmisiriyo amamfunsa ngati akufuna kuti aongolenso thupi la mfutiyo. Ntchito yachiwiriyi ili ndi mtengo wakewake, kotero eni mfuti ambiri amafuna kudziwa ngati ili yofunikadi.

Thupi la mfuti, limene amisiri amalitcha action, ndi chitsulo chimene mpope umamangidwamo ndi mazinga monga bawuti m'nati. M'kati mwake mumayenda mpiringidzo umene umakankhira chipolopolo mumpope ndi kutseka kumbuyo. Pa mfuti ya Remington 700, imene inatuluka ku America m'chaka cha 1962, mpiringidzowo uli ndi mano awiri kutsogolo kwake, amene amakola m'malo awo pamene munthu autembenuza. Mano amenewa ndiwo amasenza mphamvu yonse ya onga, imene pa chipolopolo cha .308 Winchester imaposa mapaundi 50,000 pa sikweya inchi iliyonse.

Mfuti zopangidwa zambirimbiri m'fakitale sizituluka zofanana ndendende. Nkhope ya thupi, pamene mpope umatsamira, ikhoza kupendama pang'ono. Mazinga akhoza kusemphana ndi njira ya mpiringidzo. Dzino limodzi likhoza kugwira kwambiri pamene linzake likungokhudza. Kuongola thupi ndiko kuika chitsulocho pa makina osemera zitsulo ndi kupala malo onsewa kufikira atayang'ana mzere umodzi. Chimene chimachotsedwapo n'chochepa, kawirikawiri chosaposa kunenepa kwa tsitsi la munthu.

Kuchepa kwake kusanamize munthu, pakuti masamu ake ndi apafupi ndipo mwana wa sekondale angathe kuwachita. Thupi la Remington 700 ndi lotambalala pafupifupi mamilimita 34. Ngati mbali imodzi ya nkhope yake itaposa inzake ndi mamilimita 0.03, mpope nkutsatira kupendamako, chipolopolo chidzagwa pafupifupi masentimita 9 kumbali pa mtunda wa mamita 100.

Komabe pali kusiyana pakati pa kuphonya ndi kumwaza. Mpope wopendama umene wakhazikika nji udzaponya zipolopolo zonse kumbali imodzi, pamalo amodzi, ndipo mwini mfuti amangosuntha choyang'anira chake, vuto nkutha. Kumwaza kumachokera ku zinthu zimene zimasintha pakati pa chipolopolo china ndi chinzake. Ngati dzino limodzi lokha ndilo likusenza mphamvu, mpiringidzo umapindika pang'ono pakuomba, ndipo mpope sunjenjemera mofanana nthawi zonse. Ngati mpope watsamira mbali imodzi yokha ya nkhope, ukatentha umasuntha. Izi ndizo zimene kuongola thupi kumachiritsa.

Amisiri odziwa ntchito amagwirizana kuti gawo lalikulu la kulasa bwino lili mumpope weniweniwo ndi m'chipinda chimene chipolopolo chimakhalamo. N'chifukwa chake anthu ambiri amene anaika mpope wabwino pa thupi losaongoledwa apeza kuti mfuti zawo zikuika zipolopolo zisanu m'kati mwa inchi imodzi pa mayadi 100. Kwa mlenje, amene chandamale chake ndi chifuwa cha nyama, izi n'zokwanira. Kwa amene amapikisana poombera mfuti itakhazikidwa pa tebulo, kumene opambana amasiyana ndi kagawo kochepa ka inchi, sizikwanira, ndipo ambiri a iwo amagula thupi lopangidwa mwapadera m'malo mokonza la fakitale.

Kampani ya Savage inalimbana ndi vutoli mwa njira ina. Pa mfuti yake ya Model 110, ya m'chaka cha 1958, mutu wa mpiringidzo ndi kachitsulo kapadera kamene kamatha kugwedezeka pang'ono, kotero kuti mano onse awiri amapeza okha pokhala. Mpope wake umamangidwa ndi nati. Pa mfuti yotere kusintha mpope popanda kusema thupi ndi chinthu chozolowereka.

Nthawi zina mlandu sukhala wa mpope kapena wa thupi. M'chaka cha 1966 asilikali a Marine Corps a ku America anatenga Remington 700 naitcha M40, napita nayo ku nkhondo ya ku Vietnam. Kumeneko chinyontho chinapindika matabwa a mfutizo, ndipo kulasa kunasokonekera. M'zaka za m'ma 1970 amisiri awo ku Quantico anazimanganso, naikamo mipope yatsopano pamodzi ndi zogwirira za fiberglass zimene sizimwa madzi. Mwini mfuti amene alipira kuongola thupi, pamene vuto lili pa thabwa kapena pa bawuti yokhwepa, wataya ndalama zake.

Pali chinthu chimodzi chimene sichilumphidwa, thupi liongoledwe kapena ayi. Mpata wa pakati pa nkhope ya mpiringidzo ndi pamene chigoba cha chipolopolo chimaima uyenera kuyezedwa ndi zoyezera zake mpope uliwonse ukaikidwa. Mpatawu ukakula, chigoba cha mkuwa chimatanuka mpaka kung'ambika, ndipo moto umatulukira kumaso kwa woombera. Mfuti za Lee-Enfield, zimene asilikali a King's African Rifles ananyamula pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, zimasonyeza kulemera kwa nkhaniyi: mtundu wake wa No. 4 unali ndi mitu ya mpiringidzo ya manambala 0 mpaka 3, yosiyana kutalika, kuti mmisiri wa asilikali athe kuchepetsa mpatawo.

Kuongola thupi kulinso ndi mtolo wake. Mazinga akasemedwanso amakula, ndipo kuyambira tsiku limenelo mpope wa muyeso wa fakitale sukwananso bwino. Uliwonse uyenera kusemeredwa mfuti imeneyo yokha. Chitsulo chikachotsedwa sichibwerera.

Kotero mmisiri wanzeru sayamba ndi kusema. Amachotsa mpope wakale, nayeza nkhope ya thupi, napaka utoto pa mano a mpiringidzo kuti aone ngati onse awiri akugwira. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Akapeza kuti zonse zili m'malo mwake, amaika mpope watsopano ndi kumsiyira mwini ndalama zake. Akapeza dzino limodzi lisanakhudze konse, amamuuza poyera kuti mpope wodula sudzaonetsa ubwino wake wonse pa thupi limenelo, ndipo mwiniyo amasankha atadziwa chimene akulipira.