Chigwa cha Nyanja ya Albert ndi Mafuta Ake

Munthu akachoka ku Hoima, m'dziko la Uganda, n'kulowera chakumadzulo, amangoona mtunda watha mwadzidzidzi. Kutsogolo kuli chiphedi, m'munsi mwake chigwa chotentha, kenako Nyanja ya Albert, ndipo kutsidya kuli mapiri a ku Congo. Chiphedi chimenechi ndi mng'alu. Kalekale nthaka inang'ambika, mbali yapakati n'kutitimira, madzi n'kudzazamo. Umu ndi mmenenso inabadwira nyanja yathu ya Malawi.

Kwa zaka mamiliyoni ambiri mitsinje yakhala ikukokolola mchenga ndi matope n'kumathira m'dzenjemo, moti lero zaunjikana makilomita angapo kupita pansi. Komatu sizinaunjikane mwachisawawa. Nyanja ikadzaza, pansi pake pankadikha matope akuda osakanikirana ndi ndere zakufa. Ikaphwera, mitsinje inkalowerera mkati n'kuyala mchenga pamwamba pa matopewo. Madzi akabwerera, dongo linkakwirira mchengawo.

Akatswiri a miyala akaboola pansi amatulutsa mwala wautali, wobulungira, n'kuugoneka patebulo. Pamene pali mchenga wokhakhala wa timiyala, amadziwa kuti pankadutsa mtsinje. Mchenga wosalala ndi wa kumathiriro kapena m'mbali mwa nyanja. Dongo lakuda la timizeremizere ndi la pakati pa nyanja, pomwe mafunde sankafika. Ndi ntchito yofuna kudekha, ndipo ine ndimailemekeza kuposa chimakina chobowolera.

Matope akuda aja, atapanikizika ndi kupsa ndi kutentha kwa pansi, ndiwo anatulutsa mafuta. Mafutawo, pokhala opepuka kuposa madzi, anakwera n'kulowa m'timipata ta mchenga, monga madzi amalowera m'njerwa yowotcha. Dongo linawatsekera pamwamba. Ming'alu nayo inadula miyalayi n'kuipendeketsa, moti pena mchenga unagundana ndi dongo, mafuta n'kusowa kolowera. N'chifukwa chake chitsime china chimapeza mafuta, chinzake chapafupi n'kupeza madzi okhaokha.

Pena ming'aluyo imatayitsa. Ku Kibiro, m'mbali mwa nyanjayi, kumene amayi akhala akuphika mchere kuyambira makedzana pafupi ndi akasupe a madzi otentha, mafuta amachucha okha m'nthaka. Katswiri wa miyala E. J. Wayland analemba za mafuta otere m'zaka za m'ma 1920, ndipo mu 1938 anthu anaboola chitsime pafupi ndi Butiaba. Koma mafuta okwanira kugulitsa anapezeka mu 2006.

Pamalo okumba mafuta otchedwa Kingfisher, chakum'mwera, mchenga wa mafuta uli pansi pa nyanja, choncho amaboolera pamtunda mopendekera mpaka kukaupeza. Mafuta a m'chigwachi ali ndi phula lambiri, ndipo akazizira amalimba. N'chifukwa chake paipi ya makilomita 1,443 yopititsa mafutawa ku Tanga, m'dziko la Tanzania, anaikonza kuti izitenthetsedwa njira yonse.