MABUNGWE A SUKULU KU SOUTH AFRICA: KATUNDU KWA MAKOLO, THUMBA KWA BOMA

Awerengi athu ambiri adziwa dziko la South Africa cifukwa ca nchito za m'migodi ya ku Joni, koma ndi owerengeka amene anamva mbiri ya mabungwe a sukulu a m'dzikomo. Mbiriyi ndi yoyenera kuidziwa munthu ali yense wopereka msonkho amene ali ndi mwana pa sukulu.

M'caka ca 1953 Boma la kumeneko linaika lamulo lochedwa Bantu Education Act. Dr. H. F. Verwoerd, Nduna yoyang'anira za anthu akuda, analanda sukulu m'manja mwa mamishoni, nalamula kuti sukulu iri yonse ikhale ndi komiti, ndipo sukulu zingapo za m'dera limodzi zikhale pansi pa bungwe limodzi. Bungwelo linkalemba aphunzitsi nchito ndi kusunga ndarama za sukulu. Koma munthu ali yense wokhala m'bungwemo anayenera kubvomerezedwa ndi Boma, ndipo Boma likamuona kuti wacuruka nzeru linkamucotsa.

Bvuto lalikuru linali la ndarama. Kuyambira 1955 Boma linkapereka £6,500,000 zokha pa caka kucokera m'thumba la dziko lonse, ndipo ciwerengero cimeneci sicinasinthe kufikira 1972, cinkana ana anali kucuruka caka ndi caka. Zina zinkacokera ku msonkho wa anthu akuda eni ace, magawo anai mwa magawo asanu. Lamulo la 1958 linakweza msonkhowo kucoka pa £1 kufika pa £1 15s.

Cotero pa misonkhano yao mabungwe ankangogawa umphawi. Mphunzitsi mmodzi wa ana ang'ono ankaphunzitsa magulu awiri pa tsiku, lina m'mawa lina masana. Mabungwe anauzidwa kuti asankhe pakati pa cakudya ca ana ndi kuonjezera maphunziro, ndipo cakudya cinatha m'sukulu zambiri. Makolo akadandaula, mkwiyo wao unkagwera anzao a m'bungwe, pamene mwini thumba anali phee ku Pretoria.

Cimene cinaonetsa poyera kucepa mphamvu kwa mabungwewa ndi mlandu wa cinenero. M'caka ca 1974 Boma linalamula kuti masamu ndi maphunziro ena aphunzitsidwe m'Cibunu. Mu January 1976 bungwe la sukulu za Atswana ku Meadowlands, m'Soweto, linasonkhana ndi woyendera sukulu, amene anati maphunziro a mwana wakuda wa m'tauni amalipiridwa ndi Azungu, cifukwa cace Boma liyenera kukondweretsa olankhula Cingerezi ndi olankhula Cibunu omwe. Bungwe linakana, nilisankha Cingerezi. Mwezi wotsatira Boma linacotsa awiri a m'bungwemo, ndipo anzao anatula pansi udindo. Mau a akulu atakanidwa, ana anadzitengera okha mlanduwo ku mseu pa 16 June 1976, ndipo apolisi anawaombera mfuti.

Zinthu zinasintha ndi lamulo la sukulu la 1996. Lamuloli linati makolo akhale ocuruka m'bungwe la sukulu, ndi kuti cikonzero ca ndarama ca caka cibvomerezedwe pa msonkhano wa makolo.

Tsono inu amene muitanidwa ku msonkhano wa sukulu kapena wa khonsolo ya m'tauni mwanu, musathamangire kuombera m'manja osankhidwa. Yambani mwafunsa kuti ndarama zicokera kuti, amene aziwerenga ndani, ndiponso amene angathe kucotsa munthu m'bungwemo ndani.