Mkuntho Ukasasula Denga, Mwini Nyumba Amuyankhulire Ndani?

Mkuntho wotchedwa Ian utaomba ku Florida, m'dziko la America, mu 2022, eni nyumba ambiri anakumana ndi funso lovuta: kodi chaononga nyumba ndi mphepo kapena madzi osefukira? Kumeneko inshuwalansi wamba ya nyumba imalipira zoonongeka ndi mphepo, koma osati ndi chigumula.

Munthu amene kampani imatuma kudzaona zoonongekazo amagwirira ntchito kampaniyo. Tsono ena amalemba wawowawo, wotchedwa public adjuster, kuti ajambule ming'alu, awerengere mtengo wokonzera, ndi kuwanenerera ku kampani.

Komatu mkhalapakatiyu amatapa pa ndalama zolandiridwazo. Lamulo la ku Florida silimlola kupyola magawo 20 pa 100, kapena magawo 10 m'chaka choyamba cha tsoka lolengezedwa ndi boma. Wochenjera amayamba waona chiphaso chake asanasaine pangano.