Kasungidwe ka njinga m'malo ogona ophunzira ku Muloza

Muloza ndi malo a malonda m'boma la Mulanje, pamalire a Malawi ndi Mozambique, moyang'anana ndi tauni ya Milange. Ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kummawa kwa Mulanje boma, kumene msewu wa M2 umathera. M'derali njinga yakapalasa ndi chuma: imanyamula chimanga chochokera ku Mozambique, imagwira ntchito ya kabaza, ndiponso imafikitsa ana kusukulu.

Malo ogona ophunzira

Sukulu zambiri za sekondale zoyendera zilibe mahositelo. Choncho ophunzira ochokera kutali amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu, zomwe anthu amazitcha self-boarding. Nthawi zambiri m'chipinda chimodzi mumagona ophunzira angapo, ndipo nyumba zake sizikhala ndi mpanda kapena mlonda. Kawirikawiri njinga imene wophunzira amakhala nayo ndi yokhayo ya banja lonse, moti ikabedwa, makolo amasowa chonyamulira mbewu kupita ku msika wa Limbuli, mwananso amasowa chopitira kumudzi kukatenga ufa.

Kuteteza njinga kwa akuba

Malo abwino osungira njinga usiku ndi m'chipinda chogonamo, osati pakhonde. Ngati malo achepa, njinga imakolekedwa kudenga kapena kukhoma ndi chingwe cholimba.

Loko wongotseka tayala lakumbuyo sakwanira, chifukwa wakuba amangoinyamula njingayo paphewa. Unyolo uyenera kudutsa pa felemu ndi tayala lakumbuyo, kenako kumangidwa ku chinthu chosasuntha monga nsanamira, mtengo kapena zitsulo za pawindo. Ukamangidwa pa tayala lakutsogolo lokha, wakuba amamasula tayalalo ndi sipanala n'kutenga njinga yonse. Loko asamagone pansi, poti pamenepo n'posavuta kumuphwanya ndi mwala. Pampu ndi nyali zimachotsedwa n'kusungidwa padera.

Umboni wa umwini

Njinga zambiri zili ndi nambala yodindidwa pa felemu, kawirikawiri kunsi kwa pamene pazungulira mapedulo kapena pansi pa chishalo. Mwininjinga amafunika kulemba nambalayi, kusunga lisiti, ndi kuika chizindikiro chobisika chimene iye yekha akuchidziwa. Izi n'zofunika kwambiri ku Muloza chifukwa malire ali pafupi. Njinga ikangowoloka mtsinje wa Muloza, apolisi a Malawi sangaitsatire okha popanda kugwirizana ndi anzawo a ku Mozambique. N'chifukwa chake njinga ikasowa, nkhani iyenera kufika msanga kupolisi, kwa achitetezo cha m'mudzi, kwa akabaza ndi kwa okonza njinga, amene amazindikira njinga zambiri za m'deralo.

Mvula ndi dzimbiri

Dera la kumwera kwa phiri la Mulanje ndi limodzi mwa madera amene amalandira mvula yambiri m'Malawi. Kuwonjezera pa mvula ya Novembala mpaka Epulo, m'miyezi yozizira kumagwa mvula yowaza ya chiperoni. Njinga yogona panja imachita dzimbiri pa tcheni, masipoko ndi mabuleki. Imafunika kupukutidwa ikanyowa, kuthiridwa oyilo pa tcheni, ndi kusungidwa pouma. Pulasitiki yofunditsidwa mothina imasunga chinyezi, choncho pamasiyidwa mpata wolowera mpweya.