Maso a ku Japan, utoto wa pa khonde la ku Lusaka

Masana a mu Okutobala, majakaranda atayala maluwa m'misewu ya ku Woodlands ndi Kabulonga, pa khonde la nyumba ina ku Chelstone pali katebulo, makapu awiri a madzi ndi pepala lomatidwa ndi tepi mbali zonse zinayi. Mtsikana wa ku sekondale walemba kale nkhope ndi pensulo: chibwano chosongoka, kamphuno ngati kadontho, maso aakulu ngati mbale. Akuyamba ndi khungu, utoto wake wosungunuka ngati tiyi wochepa masamba. Kapu imodzi ndi yotsukira burashi, inayo ndi ya madzi oyera. Akangosokoneza, tsaya la Nezuko lisanduka matope.

Nezuko ndi wa mu Demon Slayer, nthano ya zithunzi yomwe Koyoharu Gotouge anayamba kutulutsa mu 2016. Anzake amene amadzaza makope a achinyamata mu Lusaka ndi Goku wa mu Dragon Ball ya Akira Toriyama (1984), Luffy wa mu One Piece ya Eiichiro Oda (1997) ndi Naruto wa Masashi Kishimoto (1999). Onsewa anabadwira m'magazini imodzi ya ku Japan, Weekly Shonen Jump, asanasanduke makatuni otchedwa anime. Kujambulanso anthu a m'nthanozi chifukwa chowakonda ndiko kumene achinyamata amangoti fan art.

Ambiri amajambula pa foni kapena pa kompyuta, koma utoto wamadzi uli ndi mwayi wake. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, mzinda wa Lusaka unkakhala maola ambiri pa tsiku wopanda magetsi. Batire likatha, wojambula pa foni amapinda manja, pomwe wa burashi amangokokera tebulo pafupi ndi zenera. Ndipotu njirayi si yachilendo kwa eni ake a anime. Hayao Miyazaki, mmodzi mwa amene anayambitsa Studio Ghibli mu 1985, amayamba kuganiza mafilimu ake ndi pensulo ndi utoto wamadzi. Filimu ya mnzake Isao Takahata ya mu 2013, The Tale of the Princess Kaguya, imaoneka ngati pepala lomwe silinaumitsitse.

Vuto lagona poti anime ndi madzi sizigwirizana msanga. Mthunzi wa mu anime umakhala ndi malire akuthwa, pansi pa chibwano ndi m'munsi mwa tsitsi, koma utoto wamadzi umakonda kuyenderera. Choncho wojambula amapaka mtundu wowala, n'kudikira uume gwa, kenako n'kuikapo wakuda pang'ono. Akapupuluma, mitundu imalowererana. Kakuwala ka m'diso, kamene kamapatsa nkhope moyo, sapaka: amasiya pepala loyera pamenepo, ndipo likadetsedwa amalipulumutsa ndi kadontho ka cholembera cha inki yoyera. Mizere nayo imafuna inki yosasungunuka, apo ayi nkhope yonse imalira misozi yakuda.

Pepala ndilo limagwetsa ambiri ulesi. La fotokope la magalamu 80 limakwinyika likangolawa madzi. Loyenera ndi lochindikala, la magalamu 300, ndipo amene walipeza m'masitolo a m'tauni amalidula tizidutswa kuti likhalitse. Nyengo nayo imalamula. Mu Okutobala utoto umauma burashi isanabwerere m'kapu, thambo la pa pepala n'kutsala ndi mikwingwirima. Mu Januwale, mvula ili pakati, munthu amatha kuphika nsima asanapake kachiwiri.

Makolo ena amati n'kutaya nthawi kukopera zidole za eni. N'zoona kuti Naruto ali ndi mwini wake, ndipo kumusindikiza n'kumagulitsa mwachisawawa kumakhudza malamulo a umwini. Koma dzanja lomwe laphunzira kuyeza nkhope ndi kugwira madzi silithera pamenepo. Lusaka ili ndi kopita: ku Evelyn Hone College amaphunzitsa zojambulajambula, ku Showgrounds kuli Henry Tayali Visual Arts Centre yotchedwa dzina la katswiri amene anamwalira mu 1987, ndipo ku Kabwata Cultural Village osema ziboliboli akhala akudyera luso la manja kwa zaka zambiri.

Chinanso chinachitika mu Julaye 2023, pamene Netflix inatulutsa Supa Team 4, makatuni amene anayambitsa Malenga Mulendema wa ku Zambia konkuno. Atsikana anayi a sukulu amateteza Lusaka ya m'tsogolo, ndipo nyimbo yotsegulira anaimba Sampa the Great. Ana amene anazolowera kuona Tokyo pa foni anaona mzinda wawo uli m'katuni.

Pa khonde paja nkhope yauma. Mtsikanayo watenga burashi yaing'ono kwambiri n'kuyamba kulemba maluwa a chitenge cha amayi ake pa chovala cha Nezuko. Kumbuyo kwake, pomwe panayenera kukhala nsungwi za ku Japan, pensulo yaika kale Findeco House ndi minibasi yodikira anthu mu Cairo Road.