KAGALU KAKUIPITSA M'NYUMBA: KODI KADZASIYA LITI?

Tsiku lina titaweruka pa sukulu yathu ya kwacha, mayi wina anatsalira. Anzawo atapita, iwo anandifunsa funso losakhudza zilembo. Mwana wawo amene amagwira ntchito ku Mzuzu anawabweretsera kagalu. Kanali kaja ka ubweya wambiri, kamene sikakula ngakhale kadye bwanji.

Mayiwo anati, "Aphunzitsi, kagalu kaja katha masabata atatu kwathu, koma kakungokodza paliponse. Bambo a kunyumba akuti katuluke basi. Kodi kadzasiya liti? Kapena nkopusa?"

Mwina inunso muli ndi funso lomweli. Yankho lake nali. Musawerenge masabata ayi, werengani miyezi. Ana a agalu ambiri amatenga miyezi 4 mpaka 6 akuphunzitsidwa kuti asiyiretu kuipitsa m'nyumba. Tiagalu ta mtundu waung'ono timachedwerapo, ndipo tina timafika chaka chathunthu. Kagalu ka mayi aja sikanali kopusa. Kanali khanda chabe.

Nanga kalowerenji m'nyumba?

Ena mwa inu mufunsa kuti, "Kodi galu ngogona m'nyumba?" Funsoli ndi labwino. Agalu athu a kumudzi, amene pa Chitumbuka timati ntchewe, amagona panja kapena pa phulusa kukhitchini. Palibe amene amawaphunzitsa kokodzera.

Koma kuno ku Chikangawa tili pamwamba pa mapiri a Viphya. Inu mukukudziwa kuzizira kwa mwezi wa Juni ndi Julayi, pamene nkhungu imakuta mitengo ya paini mpaka dzuwa litakwera. Galu wamkulu amapirira. Kagalu ka miyezi 2 sikangapirire, chifukwa thupi laling'ono limazizidwa msanga. Mukakasiya panja usiku kangathe kufa, ndiponso kuli afisi. Motero kagalu kotere kamalowa m'nyumba, ndipo m'nyumba momwemo ndi mmene mwana wanu akukwawa.

Apa ndiye pali nkhani yeniyeni, yoposa fungo. Ana a agalu ambiri amabadwa ali kale ndi njoka za m'mimba zochokera kwa make. Mazira a njokazi amatuluka ndi chimbudzi. Ndi ang'ono kwambiri, sitingawaone ndi maso. Akakhala m'dothi masabata 2 mpaka 4 amakhwima. Mwana wokwawa amagwira dothilo ndi kuika dzanja m'kamwa. Tinjoka tija tikalowa m'thupi mwake tingathe kufika kuchiwindi, ndipo nthawi zina timaononga diso. Choncho chimbudzi cha kagalu chisagone pansi. Chiwoleni tsiku lomwelo, mukatayire m'chimbudzi chokumba, kenaka musambe m'manja ndi sopo.

Chifukwa chake kamachedwa

Mkodzo umasungidwa m'chikhodzodzo. Kagalu kosakwana miyezi 3 sikatha kuugwira nthawi yaitali. Mkodzo ukabwera, wabwera. Pali kawerengedwe kosavuta kamene kangakuthandizeni: mwezi umodzi, ola limodzi. Kagalu ka miyezi 2 kamagwira mkodzo pafupifupi maola 2. Ka miyezi 3, maola 3. Ka miyezi 4, maola 4. Kakagona tulo usiku kamapirira kuposa apa. Kakamasewera sikafika ngakhale pamenepa.

Kagalu ka mtundu waung'ono kali ndi chikhodzodzo chaching'ono koposa, ndiye chimadzaza msanga. Koma zifukwa zina zili kwa ife eni ake. Galu wamkulu akakodza m'nyumba aliyense amaona. Kakang'ono kamalowa kunsi kwa bedi kapena kuseri kwa thumba la chimanga. Mkodzo wake ndi wochepa, ndipo pa nyumba yozira umalowa m'dothi ndi kuuma. Inu mukuti lero kachita bwino, pamene kakodza katatu. Nthawi iliyonse kakakodza m'nyumba osaonedwa, kamazolowera kuti malo ake ndi omwewo.

Chinanso, tiagalu totere ana amakonda kutinyamula ngati chidole. Kagalu kongonyamulidwa sikadziwa njira ya kukhomo. Kayende ndi miyendo yake.

Ndiye palinso kuzizira kuja. Miyendo yake ndi yaifupi, mimba imakhudza udzu wa mame. Mukakatulutsa m'mawa kamanjenjemera, kamaima pakhomo, sikachita kanthu. Mukangokalowetsa, pomwepo kakodza pamkeka. Anthu ambiri amapsa mtima apa, amati kakuchitira dala. Ayi, kakuthawa chisanu.

Chochita tsiku ndi tsiku

Sankhani malo amodzi panja, pafupi ndi nyumba, posafika mphepo ndi mvula. Pakhale kutali ndi posewera ana, ndiponso kutali ndi chitsime. Kuno utuchi sitisowa, ocheka matabwa amangousiya milumilu. Thirani utuchi wouma pamalopo kuti kagalu kasaponde ponyowa, ndipo muziusintha ukada.

Katulutseni kakangodzuka, m'mawa kapena masana. Katulutseni kakatha kudya, pasanathe mphindi 20. Katulutseni kakatha kusewera, ndiponso inu musanagone. Pakati pa nthawi zimenezi tsatirani kawerengedwe ka maola kaja. Mukaona kakununkhiza pansi ndi kuzungulirazungulira, musadikire, kanyonyomala posachedwa.

Musangokakankhira panja ndi kutseka chitseko. Pitani nako, muime pomwepo mphindi 5 kapena 10. Nenani liwu limodzi lomwelo nthawi zonse, monga "chita". Kakangomaliza, kayamikireni pomwepo ndi mawu okoma, kasisiteni, kapatseni kausipa kamodzi. Mukadikira mpaka mutalowa m'nyumba, kaganiza kuti usipawo ndi malipiro olowera m'nyumba. Ngati sikanachite kanthu, kalowetseni koma kakhale pamaso panu, ndipo mukayesenso patapita mphindi zochepa.

Chakudya chikhale ndi nthawi yake. Kagalu kakang'ono kadye kanayi pa tsiku, kakakwana miyezi 3 kadye katatu. Kakadya nthawi imodzimodzi, chimbudzi nachonso chimabwera nthawi imodzimodzi. Kakamangotola nyenyeswa tsiku lonse, simungadziwe nthawi yake. Madzi akumwa musakamane.

Usiku kagone m'katoni kapena m'dengu, mutayalamo chiguduli. Galu sakonda kuipitsa pogona pake, ndipo khalidwe limeneli ndi limene likuthandizeni. Katoniyo ikhale yongokwana kuima, kutembenuka ndi kugona. Ikakula kwambiri, kagalu kagona mbali ino ndi kukodza mbali inayo. Kakalira pakati pa usiku, dzukani, tengani tochi, mutuluke nako. Akulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ine ndinena kuti ngakhale wamng'ono salira pachabe. Kudzuka kumeneku nkowawa, makamaka mu Julayi, sindikunamizani. Koma tiagalu tambiri tikafika miyezi 4 kapena 5 timayamba kugona mpaka kucha.

Ndodo siphunzitsa

Ambiri a ife tinaona makolo akugwira galu pakhosi, kumukhudzitsa mphuno pa zoipa zake ndi kumukwapula. Njira imeneyi siigwira ntchito. Galu amamva za chimene chikuchitika nthawi yomweyo. Mukakakwapula madzulo chifukwa cha mkodzo wa masana, kagalu sikadziwa mlandu wake. Chimene kamaphunzira ndi chakuti kukodza inu mukuona nkoopsa. Mawa mukapita nako panja kadzagwira mkodzo chifukwa cha mantha, kenaka kadzabisala kunsi kwa bedi. Mwatalikitsa ntchito yanu nokha. Komanso mafupa a kagalu kotere sachedwa kuthyoka.

Kumbukirani masiku oyamba aja m'kalasi, pamene pensulo inkakana kukhala m'dzanja. Ndikadabwera ndi ndodo, ndi angati akadabweranso mawa lake?

Mukakapeza kali mkati mokodza, ombani m'manja kamodzi, kanyamuleni msanga, kakamalizire panja. Kakamaliza kayamikireni. Mukapeza kachita kale, ingochotsani, osanena kanthu.

Kuchotsako kukhale kwenikweni. Mphuno ya galu imamva fungo limene ife sitimva, ndipo fungolo limamuitananso pamalo omwewo. Ngati nyumba ndi yozira, palani dothi la pamwamba, mutaye, muzirenso ndi dothi latsopano. Ngati ndi ya simenti, tsukani ndi sopo, mutsukuluze bwino, ndipo ngati muli ndi viniga thiranipo pang'ono. Mkeka uchapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa.

Gwiritsani ntchito kope lanu

Tsopano inu mukudziwa kulemba ndi kuwerenga manambala. Tengani tsamba limodzi kumapeto kwa kope. Lembani masiku motsika pansi: Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, mpaka Lamulungu. Kagalu kakachita panja, chongani. Kakachita m'nyumba, lembani X ndi nthawi yake.

Pakutha sabata, yang'anani tsambalo. Mwina mupeza kuti ma X ambiri ali pa 10 koloko m'mawa, nthawi imene inu muli kumunda kapena kotunga madzi. Ndiye kuti vuto lapezeka: pakufunika munthu wokatulutsa nthawi imeneyo. Mupatseni mwana wamkulu ntchitoyo. Onse a m'nyumba atsate njira imodzi ndi liwu limodzi, chifukwa wina akamayamikira wina akukwapula, kagalu kamasokonezeka.

Kopelo likuuzaninso tsiku lomaliza. Masiku atatu abwino si kanthu. Mukaona masabata 4 otsatizana opanda X, ndiye mungayambe kukakhulupirira. Ngakhale apo musakapatse nyumba yonse tsiku limodzi. Yambani ndi chipinda chimodzi.

Kakabwerera m'mbuyo

Nthawi zina kagalu kophunzira kale kamayambiranso. Mvula ikayamba, kamakana kutuluka. Mukasamuka nyumba, kamasokera. Kakamuna kakafika miyezi 6 kapena kupitirirapo kamayamba kukweza mwendo ndi kudontheza pa miyendo ya mipando, kuti agalu ena adziwe kuti malo ano ali ndi mwini. Bwererani ku chiyambi kwa masabata angapo, monga timachitira m'kalasi tikaiwala phunziro.

Koma ngati kakukodza pang'onopang'ono kawirikawiri, kapena kakulira pokodza, kapena mwaona magazi, kapena kakutsekula m'mimba, amenewo ndi matenda. Pitani nako msanga kwa alangizi a ziweto. Mukafika, funsaninso mankhwala a njoka za m'mimba, chifukwa kagalu kamafunika kumwa kangapo kakadali kakang'ono. Funsaninso katemera wa chiwewe. Kakakwana miyezi 3 kabayitseni, ndipo muzipita nako chaka ndi chaka akalengeza za katemera. Chikalata chimene akupatseni musunge, tsopano mungathe kuchiwerenga nokha.

Mayi aja anakalandira kagalu kawo mu Juni kali ndi miyezi 2. Anabwera ndi kope lawo kudzandionetsa. Tsamba la Julayi linali lodzaza ndi ma X. La Seputembala linali ndi asanu ndi awiri. X womaliza analembedwa mu Disembala, tsiku la mvula yamphamvu, kagaluko kali ndi miyezi 8. Bambo aja amene ankati katuluke ndiwo tsopano amakatsegulira chitseko m'mawa.